Machona a m'zitini: mmene filimu imasowera

Ku Chintheche mawu akuti mchona sasowa womasulira. Yendani m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kuchoka ku Bandawe kulowera ku Kande, mufunse khomo ndi khomo. Mumva za agogo kapena amalume amene ananyamuka ulendo wa ku Joni, ku Salisbury kapena ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, n'kulemba makalata awiri atatu, kenako zii. Jaap van Velsen, wofufuza za chikhalidwe amene anakhala pakati pa Atonga a kuno m'zaka za m'ma 1950, anapeza kuti mwa amuna 100 alionse, 60 mpaka 75 anali kunja kukagwira ntchito. Ambiri ankabwerako ndi jekete, njinga ndi galamafoni. Ena ndiwo anachona. Mchona samulira maliro, pakuti palibe anaona mtembo. Chimatsala ndi dzina, chithunzi chimodzi chofwifwa pansi pa sutikesi, ndi nkhani za amene anamuona komaliza.

Mafilimu nawo ali ndi machona awo. Dzina la filimu lilipo, tsiku limene inatuluka likudziwika, amene anasewera m'menemo tikuwatchula mayina, manyuzipepala a nthawiyo anaiyamikira kapena kuinyoza, koma filimu yeniyeniyo palibe munthu wamoyo amene angaikhalire pansi n'kuionera. Tiyambe ndi mchona mmodzi wa ku America, kenako tibwere kwathu, chifukwa nafenso tili nawo athu.

Mkazi, mwamuna ndi kapasule woimba piyano

Mu 1925 kampani ya Warner Bros. inatulutsa filimu yotchedwa Kiss Me Again, kutanthauza kuti ndipsompsonenso. Anaikonza ndi Ernst Lubitsch, Mjeremani amene anali atangofika ku Hollywood zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo nkhani yake analemba ndi mnzake wakalekale, Hans Kräly. Inali filimu yachikondi yoseketsa, yopanda mawu.

Nkhani yake ikuchitikira ku Paris. Mayi wina wapabanja, LouLou, wakomedwa ndi mnyamata woimba piyano dzina lake Maurice. Mwamuna wake, Gaston, sakutenga chibonga. Atafunsa nzeru kwa loya, akuchita zimene ankhoswe ochenjera amalangiza nthawi zina: galu wofuna kuthawa mumasulire chingwe, muone ngati apite. Akuvomera kuti ukwati uthe, akulonjeza kumusiyira mkaziyo nyumba ndi theka la chuma, iye n'kuyamba kuoneka m'tauni ndi mlembi wa loya uja, kamtsikana kochangamuka kotchedwa Grizette. Chikondi chakuba chikaloledwa chimazirala ngati nsima ya dzulo. Maurice, amene ankakoma pobisala, tsopano wasanduka munthu wotopetsa wongokhala pabalaza, ndipo nsanje yamugwira LouLou pakhosi. Amene anaionera filimuyi anasimba za mathero ake: kapasule ali pa piyano kudikira mkazi wa mwini, osadziwa kuti kuchipinda banja lagwirizana kale, mpaka Gaston akutulukira atavala zogonera n'kumupempha kuti aziimba motsitsa.

LouLou anali Marie Prevost, Gaston anali Monte Blue, Maurice anali John Roche. Grizette anali Clara Bow, amene patangotha zaka ziwiri anatchuka dziko lonse ndi filimu yotchedwa It. Olemba za mafilimu a nthawiyo anaiika Kiss Me Again pakati pa ntchito zabwino kwambiri za Lubitsch. Lero zomwe zilipo ndi zithunzi zoima, zikwangwani zoitanira anthu ndi zolemba za amene anaseka m'holo chaka chimenecho. Zimene ndakusimbirani apazi nanenso ndazimva kwa osimba.

Sewero lilipo, filimu palibe

Nkhaniyi sinayambire ku Hollywood. Inachokera m'sewero la pa siteji la Chifalansa lotchedwa Divorçons, ndiye kuti tiyeni tisudzulane, limene Victorien Sardou ndi Émile de Najac analemba ndipo linayamba kuseweredwa ku Paris mu 1880. Nthabwala yake inali ndi mano, chifukwa nthawi imeneyo ku France lamulo silinkalola kuthetsa ukwati. Analiletsa mu 1816, ndipo linabwezeretsedwa mu 1884, moti anthu amene ankaseka m'holo anali kuseka nkhani imene aphungu awo ankakanganirana.

Makampani a mafilimu ankakonda kugula masewero otere pa chifukwa chosavuta kumva. Sewero limene laseketsa anthu zaka zambiri ndi mbewu yoyesedwa kale, ndipo dzina lake lokha limakoka anthu. Divorçons anaijambula kangapo. Mu 1918 inatuluka ndi dzina loti Let's Get a Divorce, mmene munali Billie Burke, ndipo nayonso inachona. Lubitsch mwiniwake anabwereranso ku nkhani yomweyi mu 1941 ndi filimu ya mawu yotchedwa That Uncertain Feeling, ya Merle Oberon ndi Melvyn Douglas. Imeneyo ilipo, koma anthu ambiri odziwa amati siyifika pa ntchito zake zapamwamba.

Chondidabwitsa ine n'chakuti chinthu chimene chimaoneka chosakhalitsa ndicho chinakhala. Sewero la pa siteji limatha usiku womwewo, nsalu ikatsekedwa. Filimu ankati yabwera kudzagwira zimene zimathawa. Koma sewero la 1880 mungaligule m'buku lero, gulu la zisudzo la pa sekondale ya Bandawe litha kuliphunzira n'kuliseweranso, pamene filimu ya 1925 inachona. Sewero limakhala m'mapepala ambirimbiri ndi m'mitu ya anthu. Filimu inkakhala pa tepi yochepa, m'manja mwa kampani imodzi. Malipenga a kuno apulumuka zaka zonsezi m'njira ya sewero ija: mnyamata amaona abambo ake pabwalo, chaka chamawa walowa pamzere.

Yopanda mawu sikuti inali ya chete

Achinyamata akamva za filimu yopanda mawu amaganiza za anthu okhala duu mumdima ngati pa maliro. Ayi. Tepi ndiyo inalibe mawu, koma holo inali ndi phokoso lake. M'mizinda ikuluikulu munkakhala gulu lonse la oimba pansi pa chinsalu, m'matauni ang'onoang'ono munthu mmodzi pa piyano, akuthamangitsa zala pamene akavalo akuthamanga, akufewetsa pamene awiri ayang'anana. Zolankhula zofunika zinkalembedwa pa chinsalu pakati pa zithunzi. Lubitsch ankadziwika ndi kuchepetsa zolembazo. Chitseko chotsekedwa, diso loponyedwa kumbali, dzanja lochedwa kuchoka paphewa, zimenezo ndizo zinali chilankhulo chake, ndipo n'chifukwa chake kutayika kwa filimu yake kumawawa kuposa kutayika kwa ina. Nkhani tikuidziwa, koma nkhani sinali ya Lubitsch. Chake chinali kayendetsedwe ka maso, ndipo zimenezo sizisimbika.

Ku Japan kunali anthu otchedwa benshi, oima pambali pa chinsalu n'kumalankhulira onse a m'filimu, mwamuna, mkazi ndi mwana, ndipo ena mwa iwo anali otchuka kuposa osewerawo. Ife izi si zachilendo. Dutsani pa msika wa Chintheche masana, mumva sipika ya pa vidiyo sho ikukuwa, filimu ya ku China kapena ku India itamasuliridwa m'Chichewa ndi mnyamata mmodzi amene wapatsa aliyense dzina la kwathu, mzinda wa Hong Kong wausandutsa Ndirande, n'kuwonjezamo nthabwala zimene mwini filimu sanazilote. Akuluakulu ena amati n'kuononga. Ine ndimati ndi ntchito yakale kwambiri m'mbiri ya kanema, yangobwera ndi jenereta.

Amuna a kuno amene anali ku migodi anaziona zimenezi kale. M'makomboni a ku Copperbelt makampani ankaonetsa mafilimu panja usiku, ambiri a anyamata a pa akavalo a ku America. Hortense Powdermaker, amene anachita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, anapeza anthu akukuwa, kulangiza ndi kumasulirana okhaokha filimu ili mkati, ndipo ngwazi ya pa kavalo, kaya dzina lake lenileni ndani, onse ankaitcha Jack. Akuluakulu aboma ankadula mbali zimene ankati Mwafirika asaone, nkhani n'kutsala yoduka mutu, owonera n'kumailumikiza ndi pakamwa.

Tepi yoyaka ngakhale muiponye m'nyanja

Tsopano filimu inkasowa bwanji? Choyamba ndi chinthu chimene ankajambulirapo. Mpaka cha m'ma 1950, mafilimu a m'maholo ankakhala pa tepi ya mamilimita 35 yopangidwa ndi nitrate, ndiye kuti thonje losungunulidwa ndi asidi, m'bale wake weniweni wa wonga wa mfuti. Zithunzi zake zinkawala mokongola, koma tepiyo ikagwira moto imadzipangira yokha mpweya woyakira. Muithire mchenga, iyakabe. Muimize m'madzi, iyakabe pansi pomwepo. Utsi wake ndi poizoni.

Ngakhale popanda moto, nitrate imadzidya yokha. Imayamba kufwifwa ndi kununkha, kenako imanata, kenako imatuluka thovu ngati uchi wowira, pomaliza mukatsegula chitini mupeza fumbi lofiirira. Kutentha ndi chinyontho zimafulumizitsa zonsezi, ndipo chitini chowola chikatenthedwa chimatha kuyaka chokha popanda woyatsa.

N'zimene zinachitika pa 9 July 1937 ku Little Ferry, m'chigawo cha New Jersey. Kunja kunali kotentha kwa masiku angapo, ndipo nkhokwe ya kampani ya Fox inaphulika usiku. Matepi oposa 40,000 anapsa, pamodzi ndi pafupifupi mafilimu onse opanda mawu a kampaniyo. Theda Bara, mkazi amene dzina lake linkadzaza maholo, anatsala ndi mafilimu owerengeka pa zala, ndipo Cleopatra wake wa 1917 tili naye timasekondi chabe. Mu 1965 nkhokwe ina inapsa ku MGM, ndipo m'menemo munapita London After Midnight ya Lon Chaney, mchona amene osaka mafilimu amamulota kuposa onse.

Koma wakupha wamkulu sanali moto

Nkhani za moto zimakoma kusimba chifukwa zilibe wolakwa. Zoona zake n'zakuti mafilimu ambiri anatayidwa dala, ndi anthu oganiza bwino, atawerengera ndalama.

Filimu nthawi imeneyo inali ngati usipa wauwisi: ugulitse lero. Kampani inkasindikiza makope ochepa, n'kuwayendetsa mzinda ndi mzinda mpaka atakalikakalika. Kunalibe wailesi ya kanema, kunalibe makaseti, kunalibe njira ina yoti filimu yakale ibweretsenso ndalama. Kusunga zitini kunkafuna nyumba zapadera ndi inshulansi yokwera mtengo. Komanso tepi ili ndi siliva m'kati mwake, moti filimu yotha ntchito ankaigulitsa kwa osungunula, monga mmene timagulitsira mapoto obooka kwa ogula zitsulo.

Kenako kunabwera mawu. Mu October 1927 Warner Bros. yomweyo inatulutsa The Jazz Singer, ndipo pofika 1930 anthu sankafunanso kulipira kuti aonere anthu otsegula pakamwa popanda kumveka. Katundu yense wa zaka makumi awiri anasanduka zinyalala nthawi imodzi. Kampani ya Universal inaononga mafilimu ake ambiri opanda mawu mu 1948. Osewera ena anatayidwa chimodzimodzi: Marie Prevost, LouLou uja, anamwalira ali yekha ndiponso wosauka ku Hollywood mu January 1937.

Mu 2013 Library of Congress ya ku America inatulutsa kafukufuku wa David Pierce amene anawerenga zotsala. Pakati pa 1912 ndi 1929, dzikolo linatulutsa mafilimu aatali opanda mawu 10,919. Mwa 100 alionse, 14 okha ndiwo alipo athunthu monga anatulukira. Ena 11 alipo athunthu koma m'makope a kunja kapena a tepi yaing'ono yosawala bwino. Asanu ndi oduka, mbali zina palibe. Otsala 70 anachona. Limeneli ndi dziko lolemera, la nyumba zosungiramo mabuku zikuluzikulu. Kutchuka sikunateteze kanthu: The Patriot ya Lubitsch yemweyo, ya 1928, inapikisana nawo pa mphoto ya Oscar ya filimu yopambana, koma lero zatsala zidutswa.

Machona athu: 35 anapita, atatu anabwera

Pamene Hollywood inkataya mafilimu opanda mawu, kuno ankayamba kumene kujambulidwa. Mu 1932 bungwe la mamishoni la International Missionary Council linatuma John Merle Davis kukaona moyo wa anthu a m'migodi ya kopa. Chimodzi chimene chinamudetsa nkhawa chinali mafilimu a ku America a m'makomboni aja, komanso mpata umene unkakula pakati pa mnyamata wobwera ku mgodi ndi akuluakulu otsala kumudzi. Iye anaganiza kuti mankhwala a kanema ndi kanema yemwe. Ndi ndalama zochokera ku Carnegie Corporation ya ku New York, komanso thandizo la maboma a atsamunda ndi makampani a migodi, mu 1935 kunayamba ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment.

Anaitsogolera ndi azungu awiri: Leslie Notcutt, amene kale ankayang'anira minda ya khonje ku East Africa, ndi Geoffrey Latham, amene anakhalapo mkulu wa maphunziro a Aafirika ku Northern Rhodesia. Likulu lawo linali ku Vugiri, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika. M'zaka ziwiri anajambula mafilimu 35 pa tepi yaing'ono ya mamilimita 16, osewera ake anthu akuda. Ambiri anali ophunzitsa: kusunga ndalama ku positi ofesi, kufufuta zikopa, kukokoloka kwa nthaka, njoka za m'mimba, ubwino wa tiyi, ngakhale ubwino wa msonkho. Koma munalinso zoseketsa ndi nthano, monga ya kalulu ndi kambuku, chifukwa anadziwa kuti anthu sangayende mtunda usiku kudzangophunzira kukumba chimbudzi.

Mafilimuwo anali opanda mawu, koma anapeza nzeru yofanana ndi imene The Jazz Singer inagwiritsa ntchito: mawu ankawajambula padera pa mbale za galamafoni, n'kumaziliza limodzi ndi zithunzi. Filimu imodzi inkatha kulankhula zinenero zingapo pongosintha mbale. Pa zinenero zimenezo panali Chiswahili, Chibemba, Chinyanja ndi Chitumbuka. Imani kaye pamenepo. Zaka 64 dziko lino lisanakhale ndi wailesi ya kanema yakeyake, imene inatsegulidwa mu 1999, chinsalu chinalankhulapo Chinyanja ndi Chitumbuka pansi pa nyenyezi.

Latham anakweza makina, jenereta ndi chinsalu pa lole n'kuyenda mamailosi pafupifupi 9,000 kudutsa Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Kenya ndi Uganda, ndipo anthu oposa 80,000 anaonera. Ambiri kanali koyamba kuona chithunzi chikuyenda. Mu 1937 ndalama zinatha, maboma a atsamunda anakana kupitiriza ponena kuti zithunzi zake sizinali zooneka bwino, ndipo awiriwo analemba buku lotchedwa The African and the Cinema. Bukulo lilipo. Mwa mafilimu 35 aja, atatu okha ndiwo akusungidwa ku British Film Institute: la njoka za m'mimba, la maphunziro a madokotala a ziweto, ndi la minda ya alimi ku Kingolwira. Zoseketsa zonse zinapita. Kalulu ndi kambuku anapita. Zatsala ndi njoka za m'mimba.

Sindikufuna kuwayeretsa mafilimu amenewa. Anapangidwa ndi anthu okhulupirira kuti Mwafirika ndi mwana wofunika kumulankhula pang'onopang'ono, ndipo nkhani zake zambiri zinali za wochenjera womvera boma ndi wopusa wokakamira zamakolo. Komabe m'zithunzimo munali nkhope za anthu enieni a 1935, kavalidwe kawo, kayendedwe kawo, mmene ankasekera pamene mzungu wa kamera sanawauze kuti aseke. Mdzukulu akafuna kuona agogo ake sasankha amene anajambula.

Zathu zili kwa eni ake ena

Nkhondo yachiwiri itatha, mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, yotumikira Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mkulu wake anali Alan Izod, ndipo mmodzi mwa ojambula anali Stephen Peet. Mafilimu awo oyambirira analinso opanda mawu, ndipo galimoto ya kanema ikafika pamudzi, womasulira ankaima ndi chokuzira mawu n'kumafotokoza m'chinenero cha pamalopo. Pa nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953, gululi linasanduka mlomo wa boma, ndipo anthu a m'dziko muno amene ankadana ndi chitaganyacho anayamba kuyang'ana galimoto ya kanema ndi diso lina. Linatha mu 1963 pamodzi ndi chitaganya. Ambiri mwa mafilimu ake anapulumuka, koma ali ku National Archives ya ku Zimbabwe, ku Harare.

Ndi mmene zilili ndi zambiri zathu. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, kuphatikizapo za Atonga, zili ku International Library of African Music ku Makhanda, South Africa. Ena amakwiya nazo, ndipo mkwiyowo ndi womveka. Koma tikumbukenso kuti moto ngati wa ku Little Ferry nafe tinauona: mu February 1919 maofesi aakulu a boma ku Zomba anapsa, ndipo makalata a boma a zaka pafupifupi 30 zoyambirira anasanduka phulusa. Nyumba yosungira zakale ku Zomba inatsegulidwa mu 1947. Nanga masewero a Du Chisiza Jr. ndi gulu lake la Wakhumbata, amene ankadzaza maholo mpaka imfa yake mu 1999, ndi angati mwa ife amene tingaloze pamene pali kope looneka bwino la sewero lathunthu?

Mchona amatha kutulukira

Kumudzi zimachitika. Tsiku lina basi ya pa msewu wa M5 imatsitsa nkhalamba ya sutikesi imodzi, yolankhula Chitonga chosakanikirana ndi Chindebele, ikufunsa nyumba ya anthu amene anamwalira kalekale. Mafilimu nawo amatulukira chomwecho, ndipo kawirikawiri amapezeka kumathero a msewu, osati kumene anabadwira.

Dawson City ndi tauni ya migodi ya golide kumpoto kwenikweni kwa Canada. Mafilimu ankafika kumeneko pomaliza, atazungulira kwina konse, ndipo makampani sankafuna kulipira ulendo wobwerera. Mu 1929 zitini zinakwiriridwa m'dziwe losambiramo lakale pofuna kulidzaza. Mu 1978 wokumba maziko anazitulukira: matepi 533, osungidwa ndi nthaka youma ndi chisanu. Mu 2010 kunalengezedwa kuti mafilimu 75 a ku America apezeka ku New Zealand, pakati pawo Upstream ya John Ford ya 1927. Kope lathunthu la The Passion of Joan of Arc linapezeka mu 1981 m'kachipinda ka chipatala cha odwala misala pafupi ndi Oslo. Mbali zosowa za Metropolis zinatulukira ku Buenos Aires mu 2008. Ndipo mu 2013 zigawo zisanu ndi zinayi za sewero la pa kanema la Doctor Who, zimene BBC inali itafufuta, zinapezeka pa shelefu ya siteshoni ya kanema ku Jos, m'dziko la Nigeria.

Onani mmene zinapulumukira. Si onse amene anasunga chifukwa chodziwa mtengo wake. Wina anachita ulesi kubweza, wina anaiwala, wina anakana kutaya chinthu cha eni. N'chifukwa chake osaka mafilimu sanena kuti Kiss Me Again inafa. Makope ake anapita kunja monga ankapitira mafilimu onse a Lubitsch, ndipo dzina lake likadali pa mndandanda wa ofunidwa.

Chinyontho cha kunyanja

Tsoka lake, Chintheche si Dawson City. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'Malawi, n'chifukwa chake tiyi amakula ku Kawalazi ndi mitengo ya mphira ku Vizara. Nyengo imene imakondweretsa mphira ndi chinangwa ndi mdani wa tepi. Tepi ya mamilimita 16, imene mamishoni, masukulu ndi magalimoto a boma ankagwiritsa ntchito, siyaka ngati nitrate, koma ili ndi nthenda yake: ikakhala pa chinyontho imayamba kununkha ngati viniga, imakwinyika n'kuuma mpaka kuthetheka. Mukapeza chitini chotere m'sitolo yakale ya mishoni kapena m'katundu wa malemu amene anali mphunzitsi, musachiike padzuwa kuti chiume, musayese kuchizunguliza pa makina akale, ndipo musapatse ana kuti apangire zoseweretsa. Chiikeni pozizira ndi pouma, mulembe zonse zolembedwa pa chivindikiro, mudziwitse a National Archives ku Zomba. Chikakhala cha tepi yaikulu ya mamilimita 35 ndipo m'mphepete mwake mwalembedwa kuti nitrate, chitalikitseni ndi nyumba yogona ndi moto wa kukhitchini.

Za mafoni ndiye musanene. Pa malipenga kapena pa chilimika cha Chaka Chatsopano manja onse amakhala m'mwamba kujambula, ndipo pamene chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinabwerera ku Chintheche Inn mu 2016, kumene chinayambira mu 2004, gombe lonse linali nyali za mafoni. Funsani lero amene akadali ndi zimene anajambula usiku umenewo. Foni inagwera m'madzi pokwera bwato, memori khadi inafufutidwa kuti mulowe nyimbo zatsopano, akaunti ya Facebook inaiwalika nambala yake yachinsinsi.

Kwathu tili ndi kaseti ya vidiyo ya ukwati wa achemwali anga aakulu, wa m'zaka za m'ma 1990. Wojambula tinachita kumuitanitsa kutauni, ndipo ndalama zake zinatidya mbuzi. Tinaionera kawiri pa makina obwereka, kenako amayi anaikulunga m'chitenje n'kuiika pansi pa sutikesi, pamodzi ndi chithunzi cha amalume awo amene anachona ku Bulawayo. Chaka chatha ndinaitulutsa kuti ndikaisamutsire pa kompyuta. Pa kawindo kake ndinaona nkhungu yoyera itayala ngati ufa wa kondowole, ndipo mnyamata amene ndinamupatsa anangoibweza, akuti ingamuonongere makina. Pa chikuto pakadali mayina a akwati ndi tsiku, zolembedwa ndi bolopeni yofiira.

Azakhali anga atamva anati palibe chodandaula, iwo analipo. Anakhala pa mkeka n'kuyamba kuisimba kuyambira pa khomo la tchalitchi: amene anatsogolera nyimbo, amene anagwa povina, mkamwini mmene ankatulukira thukuta m'suti yobwereka. Atafika pa perekaniperekani, amayi anawadula kuti amene anaponya ndalama yaikulu sanali amene akumutchulayo, ndipo mkangano umenewo unafika mpaka nthawi yoyatsa nyali.